Phwando la nkhanu ndi achule limene linagawa Ayuda a ku America

Mu Epulo 2022, bodi ya Hebrew Union College, sukulu yophunzitsa arabi (atsogoleri a chipembedzo cha Chiyuda), inavota kuti pofika 2026 isiye kudzoza arabi ku Cincinnati, ponena kuti ophunzira achepa ndipo ndalama zikuperewera. Anthu a mumzindawu zinawawawa, ndipo m'pomveka: seminaleyi inabadwira komweko mu 1875. Rabi Isaac Mayer Wise anaiyambitsa m'chipinda chapansi cha sunagoge, cholinga chake chili choti arabi onse a ku America, osunga mwambo ndi ofuna kusintha omwe, azichokera pakhomo limodzi.

Cholingacho chinasweka patebulo. Pa 11 Julaye 1883 anadzoza arabi anayi oyamba, ndipo madzulo ake alendo pafupifupi 200 anakadyera ku malo odyera otchedwa Highland House. Mbale yoyamba inali ya nkhono za m'nyanja. Kunabweranso nkhanu, miyendo ya achule, kenako ayisikilimu pambuyo pa nyama. Levitiko 11 amaletsa zam'madzi zopanda zipsepse ndi mamba, ndipo mwambo wa kosher sulola nyama ndi mkaka pachakudya chimodzi. Nkhumba yokha ndiyo inalibepo, ndipo apa mpamene pagona nkhani: okonza phwando ankapewa nkhumba monga ankachitira Ayuda ambiri ofuna kusintha, koma za m'nyanja sankaziwerengera. Mpaka lero limatchedwa phwando la trefa, kutanthauza chakudya choletsedwa.

Nkhani yoti arabi awiri anatuluka mokwiya imachokera makamaka kwa David Philipson, mmodzi mwa anayiwo, koma anailemba mu 1941, patapita zaka 58. Henrietta Szold, yemwe analipo nalemba m'nyuzipepala ya Chiyuda nthawi yomweyo, anadabwa ndi zina: kuti okana kudya anali ochepa kwambiri. Wise anati zakudyazo sanasankhe ndiye, ndipo n'zokhulupirika. Kulakwa kwake kunali kukana kupepesa, n'kumanyoza odandaulawo kuti Chiyuda chawo n'cha kukhitchini.

Mu 1885 msonkhano wa arabi ofuna kusintha ku Pittsburgh unakana poyera malamulo a zakudya. Chaka chotsatira Sabato Morais ndi anzake osunga mwambo anakhazikitsa seminale yawoyawo, Jewish Theological Seminary, ku New York.

Kwa Hebrew Union College, zaka zotsatira zinali za kukula: kuphatikizana ndi Jewish Institute of Religion mu 1950, nthambi ku Los Angeles ndi Jerusalem. Koma Sally Priesand, mkazi woyamba kudzozedwa urabi ku America, anadzozedwera ku Cincinnati mu 1972, mu Plum Street Temple imene Wise ankalalikiramo.