Buku lakale likabedwa timaseka, koma mbava imaopa kaundula

Ikangomveka nkhani yoti kunja uko mbava zaba buku lakale la sayansi m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, nthabwala zimayamba pompo m'magulu a WhatsApp ndi m'mabenchi a pa Dyeratu kapena pa Nchalo. Wina amati wakubayo akatsegula n'kupeza Chilatini chokhachokha, alibweza yekha m'mawa. Wina amati zikanakhala kuno, mbavayo ikanatenga njinga ya mlonda n'kusiya bukulo. Likakhala la Isaac Newton, aphunzitsi a sayansi amati mphamvu yokokera zinthu pansi imugwetsa basi. Ndiye sipalephera wofunsa kuti mapepala a zaka 300 angakulungire milamba ingati pamsika wa Bangula.

Kuseka si mlandu. Koma m'nthabwalamo muli funso limene ife osunga mabuku ndi zolembedwa zakale timafunsidwa kawirikawiri: munthu amaba buku lotere kuti alitani, nanga chimamulepheretsa kuligulitsa n'chiyani?

Amabera ndalama. Buku la Newton lotchedwa Principia linasindikizidwa mu 1687, ndipo limodzi mwa oyambirirawo linagulidwa pa okushoni ku New York mu 2016 pamtengo wa madola 3.7 miliyoni. Mbava sifunika kudziwa Chilatini.

Komabe uja amati alibweza yekha sanaphonye kwenikweni. Timabuku tiwiri tolemba pamanja ta Charles Darwin, kamodzi kokhala ndi chojambula chake cha mu 1837 cha mtengo wa zamoyo, tinasowa ku laibulale ya Cambridge University titatulutsidwa kuti tijambulidwe mu 2000. Kwa zaka pafupifupi 20 ankaganiza kuti tangoikidwa pashelefu yolakwika. Mu 2020 anakanena kupolisi n'kulengeza dziko lonse, ndipo mu March 2022 tinapezeka titasiyidwa m'kachikwama ka pinki, muli kakalata kofunira woyang'anira laibulale Pasaka wabwino. Masamba ake anali atajambulidwa kale, moti wogula aliyense akanadziwa kuti wagwira katundu wakuba.

Apa ndi pamene pagona ntchito yathu. Mwini ng'ombe ku Ngabu akabedwa sanena kuti "yasowa ng'ombe yofiira" n'kulekera pomwepo. Amatchula nyanga yopindikira pansi, khutu lodulidwa kumanzere, banga loyera pamphumi. Buku lakale nalonso lili ndi nkhope yake. Ambiri ankagulitsidwa opanda chikuto, mwiniwake n'kukapangitsa chake. Eni ake ankalembamo mayina ndi ndemanga m'mphepete, madzi anasiyamo madontho, tizilombo tinaboola njira zodutsa masamba angapo. Owen Gingerich wa ku Harvard anatha zaka pafupifupi 30 akuyendera mabuku a katswiri wa zakuthambo Nicolaus Copernicus a mu 1543 ndi 1566, pafupifupi 600, n'kulemba zizindikiro za lililonse. Kaundula wake anatuluka mu 2002. Wina akabweretsa limodzi pamsika, amangolifananitsa ndi kaundulayo.

Zimenezi sizifuna makina odula. Muyezo wolembera zizindikiro za zinthu zakale wotchedwa Object ID, womwe unayamba mu 1997, ungatsatidwe ndi lula, foni ndi kope. Yezani kutalika, m'lifupi ndi kunenepa kwa buku m'mamilimita. Werengani masamba onse, kenaka zithunzi ndi mamapu paokha, chifukwa ndiwo amayamba kuchoka. Jambulani chikuto, msana, tsamba la mutu, tsamba lomaliza, chidindo chilichonse ndi paliponse pamene pali dzanja la munthu, lula ali pambali kuti kukula kuoneke. Zolakwika musabise: dontho la inki ndi pong'ambika ndizo zimagwiritsa mbava kuposa mutu wa buku, popeza mutu ndi wofanana m'makope onse. Kaundulayo akhale malo awiri. Akakhala m'kabati imodzi ndi mabuku, amapita nawo limodzi.

Chidindo cha eni chikhale chaching'ono, kuseri kwa tsamba la mutu, kuseri kwa mapu alionse, ndiponso patsamba limodzi lachinsinsi lofanana m'mabuku onse. Chikhudze pang'ono malembo, chifukwa cha m'mphepete amangochidula ndi lezala. Ena amachifufuta ndi mankhwala, koma kawirikawiri tochi ya kuwala kwa UV, ija yoonera ndalama zabodza, imaonetsa pamene panachapidwa.

Nthabwala zimajambula mbava yovala chigoba yolowera padenga usiku. Zoterozo zinachitikadi mu January 2017 ku Feltham pafupi ndi London, ndipo mabuku pafupifupi 200, kuphatikizapo a Galileo ndi Newton, anakapezeka mu 2020 atakwiriridwa pansi pa nyumba ku Romania. Koma zambiri zimachoka masana, chitseko chili chotsegula. Wogulitsa mamapu E. Forbes Smiley la 40 linamukwanira mu 2005 ku laibulale ya yunivesite ya Yale ku America, wogwira ntchito ataona kalezala pansi m'chipinda chowerengeramo, ndipo anavomera kuti anaba mamapu 97. Buku lodulidwa tsamba limabwerera pashelefu likuoneka lathunthu. N'chifukwa chake wowerenga amasiya chikwama panja, amalandira buku limodzi pa nthawi, amalemba ndi pensulo, ndipo amakhala poonekera. Sikelo ya m'khitchini yowerenga magalamu imathandizanso: yezani buku popereka ndi polandira, tsiku lomwelo, chifukwa pepala limalemera kapena kupepuka malinga ndi chinyezi.

Chopweteka kwambiri ndi mbava ya m'nyumba. Ku Carnegie Library ya ku Pittsburgh, kuwerengera kwa mu 2017 kunaulula kuti zinthu zoposa 300, za madola pafupifupi 8 miliyoni, Principia wa 1687 ali momwemo, zinachoka pang'onopang'ono kwa zaka 25. Wotulutsa anali woyang'anira chipindacho. Wosunga kiyi asakhalenso wowerengera. Kamodzi pachaka anthu awiri ena atenge kaundula, aone buku lililonse m'manja, alitsegule, asainire. Izi zimatetezanso wosunga kiyi wokhulupirika kuti asanamiziridwe.

Kuchigwa kuno tilibe Newton, koma tili ndi makaundula a ubatizo ndi maukwati m'mamishoni, mabuku a mafumu a malire a minda, mabuku a mbiri ya sukulu, ndi makope amene alangizi ndi a m'maesiteti akhala akulembamo mvula tsiku ndi tsiku. Omalizawa ndi sayansi yeniyeni: wopanga mlatho kapena khoma lotchinga madzi pa Mwanza kapena pa Ruo amafuna kudziwa mvula ya zaka zambiri zapitazo. Principia ali ndi anzake mazana m'malaibulale ena, pamene kope la mvula ndi limodzi lokha. Limachoka ndi mawu oti "ndibweza mawa", kapena pokonza ofesi wina n'kuliyesa zinyalala. Nthabwala ya milamba ija ndiyo imatigwera kuno.

Pobisa, musaphe chimene mukuteteza. Pepala limafuna kutentha kwa pafupifupi madigiri 20, pamene kuno mu October ndi November timapitirira 40, ndipo m'bokosi lachitsulo pansi pa malata pepala limauma n'kumathetheka. M'jumbo yomanga chinyezi chimatsekeredwa, chuku n'kumera. Pansi pali chiswe ndi madzi osefukira ngati a namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Kabati yokhoma ikhale m'chipinda chamkati chodutsa mphepo, yosagunda khoma, mabuku ofunika ali m'mashelefu apamwamba. Selotepi ndi kumatira pulasitiki zisayandikire.

Buku likasowa, fufuzani mashelefu tsiku lomwelo, ndipo likapanda kupezeka pitani kupolisi ndi zithunzi ndi miyezo ija osadikira, manyazi ayi. Dziwitsaninso a National Archives ku Zomba ndi a ku miyuziyamu ya Chichiri ku Blantyre. Zinthu zobedwa zimalowa m'kaundula wa Interpol kudzera kupolisi, ndipo kuyambira mu 2021 aliyense angamuone pafoni kudzera pa pulogalamu ya ID-Art.