Kodi digiri ya MBA idzabweza ndalama zimene mwalowetsa?

Masiku ano n'zovuta kupeza ofesi mu Lilongwe, kaya ku Capital Hill, ku City Centre kapena m'makampani a ku Kanengo, m'mene mulibe munthu amene akuphunzira digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka bizinesi, ija timangoitchula kuti MBA, kapena amene akusunga ndalama kuti aiyambe. Ife amene ntchito yathu ndi yolemba ndi kuyang'anira antchito timafunsidwa kawirikawiri ngati digiriyi ili ndi phindu. Yankho langa limakhala lakuti phindu lilipo kwa munthu amene angathe kutchula, asanalipire fizi yoyamba, udindo weniweni umene akuufuna komanso umboni wakuti chimene chikumulepheretsa kuupeza ndi kusowa kwa digiriyo. Amene sangathe kutchula zimenezi ayambe wadikira.

Maphunzirowa adayambira ku yunivesite ya Harvard ku America m'chaka cha 1908, ndipo cholinga chake chidali kukonzekeretsa anthu oti aziyendetsa makampani. N'chifukwa chake mpaka lero MBA imakhudza zinthu zambiri pang'onopang'ono: kawerengedwe ka ndalama, kapezedwe ka misika, kasamalidwe ka antchito, ndi kakonzedwe ka mapulani a zaka zambiri. Siizamitsa munthu pa chinthu chimodzi. Amene amapindula nayo kwambiri ndi injiniya, dokotala kapena mlangizi wa zaulimi wochokera ku Bunda amene wakwezedwa, ndipo tsopano tsiku lake limathera pa bajeti ndi pa madandaulo a antchito, zinthu zimene sadaziphunzirepo. Amene digiri yake yoyamba idali kale ya zamalonda amapeza kuti mbali yaikulu akungobwereza. Wachinyamata amene wangomaliza kumene koleji ndipo akuthawira ku MBA chifukwa ntchito zikusowa ndiye amandidetsa nkhawa kwambiri, pakuti m'kalasimo phunziro limayenda pokambirana mavuto amene anthu adakumana nawo kuntchito, ndipo iye alibe choti aikepo. Akamaliza, olemba ntchito samupatsa umanijala poti sadayang'anirepo munthu, pamene pa ntchito zoyambira amamukayikira kuti sakhalitsa.

Nkhani ya ndalama ndi imene anthu ambiri amaiwerengera mothamanga. Pamwamba pa fizi pali mabando a intaneti, mafuta kapena ndalama ya minibasi, ndi kafukufuku wa kumapeto amene amafuna kuyenda ndi kusindikiza. Palinso nthawi, chifukwa makalasi ambiri a anthu apantchito amachitika madzulo kapena Loweruka ndi Lamulungu, masiku amene kwathu kuno ndi a zinkhoswe, maukwati, tchalitchi ndi kukayendera munda. Munthu wapabanja akambirane ndi akunyumba kwake asanalembetse. Funso lofunika kwambiri kufunsa ku ofesi ya sukulu ndi lakuti fizi imawerengedwa m'makwacha kapena m'madola. Mu Meyi 2022 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idachepetsedwanso ndi 44 peresenti, kotero kuti dola imodzi idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Wophunzira amene ankayenera kulipira madola 1,000 adagona akudziwa kuti afuna K1,180,000 ndipo adadzuka akufunika K1,700,000, malipiro ake a pamwezi ali pomwepo. Wotenga ngongole akumbukirenso kuti m'chaka cha 2024 Reserve Bank idaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo ngongole ya munthu wamba ku banki imakhala ndi chiwongoladzanja choposa pamenepo.

Masamu ake ndi osavuta. Tingoyerekeza kuti zonse pamodzi zakudyerani K10 miliyoni, ndipo mutamaliza malipiro anu akwera ndi K150,000 pamwezi msonkho utachotsedwa kale. Ndalamayo idzabwerera pakatha miyezi 67, kutanthauza zaka zoposa zisanu, ndipo apa sitinawerengere chiwongoladzanja. Kwa munthu wa zaka 32 zimenezi n'zomveka. Kwa amene watsala ndi zaka zochepa kuti apume pantchito, masamuwo akukana.

Komatu kukwera kwa malipiroko sikungobwera chifukwa mwabweretsa satifiketi kwa bwana. M'boma malipiro amatsata giredi ya udindo, ndipo munthu amakwezedwa pakapezeka malo ndiponso akapambana mafunso. Digiri imathandiza pa mpikisanowo koma siipanga malo. M'mabungwe omwe si aboma ndi m'maofesi a mayiko othandiza, amene ndi ochuluka mu mzinda uno, digiri yachiwiri imafunidwa ndithu, koma nthawi zambiri amafuna ya ntchito yeniyeniyo, monga zaumoyo, zachuma kapena kalondolondo wa mapulojekiti. Kwa owerengera ndalama, mapepala a mabungwe a ukatswiri wowerengera ndalama monga ICAM, ACCA kapena CIMA ndi amene amayamba kufunsidwa, MBA n'kubwera pambuyo. Njira yotsika mtengo yodziwira kumene mwaima ndi kusunga zolengeza ntchito za mu The Nation ndi The Daily Times kwa miyezi itatu, n'kusankha za maudindo amene mukuwafuna, kenako n'kuwerenga mosamala. Pena amalemba kuti popanda digiri yachiwiri musavutike n'kufunsira, pena amangoti amene ali nayo adzaganiziridwa mwapadera, ndipo pafupifupi paliponse amatchula zaka zimene munthu wakhala akutsogolera anzake. Ngati chimene chikukutsekerezani ndi zakazo, digiri siichotsa vutolo.

Mukatsimikiza kuti mukuifunadi, sukulu yake isankhidwe modekha, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Bungwe la National Council for Higher Education, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndi limene limalembetsa ndi kuvomereza sukulu za ukachenjede m'dziko muno, ndipo muyenera kufunsa ngati pulogalamu ya MBA yeniyeniyo ndi yovomerezeka, osangokhutira ndi dzina la sukulu. Izi n'zofunika kwambiri pa madigiri a pa intaneti ochokera kunja. Pali sukulu zodziwika kale monga MUBAS, imene idali Polytechnic mpaka 2021, ndi ESAMI, imene likulu lake lili ku Arusha ku Tanzania, koma ngakhale kumeneko pezani anthu awiri kapena atatu amene adamaliza muwafunse kuti kafukufuku wawo adatenga nthawi yaitali bwanji, chifukwa ambiri amakhoza makalasi onse n'kukakamira pamenepo, woyang'anira kafukufuku akusowa. Funsaninso kuti m'kalasi mumakhala anthu otani. Mbali ina ya phindu la MBA ndi anzanu amene mumadziwana nawo, a kubanki, a m'boma ndi a m'makampani, ndipo wophunzira yekha pa kompyuta usiku phindu limeneli limamudutsa.

Kwa mwini bizinesi, monga wa sitolo ya zipangizo zomangira ku Malangalanga, ndimaona kuti maphunziro afupiafupi a kasungidwe ka mabuku ndi a zamisonkho amathandiza msanga, ndipo mamiliyoni otsalawo amagwira ntchito bwino ngati mpamba.

Masamu onsewa amasintha ngati wolipira ndi wina. Thandizo la maphunziro la Chevening, la boma la Britain, limafuna kuti munthu akhale atagwirapo ntchito zaka ziwiri ndi kuti akamaliza abwerere kwawo kwa zaka zosachepera ziwiri, ndipo pa MBA limalipira fizi mpaka pa mlingo woikika, yotsalayo n'kukhala ya wophunzira. Kampani ikavomera kukulipirirani, kawirikawiri imakusayinitsani pangano lakuti mudzaigwirira ntchito zaka zingapo mukamaliza. Musanasayine, onani kuti zakazo ndi zingati, ngati ngongoleyo imachepa chaka chilichonse chimene mwagwira, ndiponso amene adzalipire ndani ngati kampaniyo ndiyo yakuchotsani ntchito maphunziro asanathe.