Wi-Fi yosafika kuchipinda, mankhwala ake ndi waya

Pa ntchito yanga yoika manetiweki, dandaulo limene ndimamva kawirikawiri ndi ili: pabalaza intaneti ikuthamanga bwinobwino, koma ukangolowa kuchipinda n'kutseka chitseko, vidiyo imayamba kudukizadukiza. Ena amaloza chala kampani yowagulitsa intaneti, ena amathamangira kukagula rauta (kabokosi koulutsa Wi-Fi m'nyumba) ya nyanga zambiri. Chikhalirecho intanetiyo imakhala itafika bwino pakhomo. Vuto limakhala pakati pa rauta ndi foni.

Wi-Fi ndi wailesi basi. Marauta ambiri amaulutsa pa 2.4 GHz ndi pa 5 GHz. Mafunde a 2.4 GHz amafika patali koma amanyamula zochepa, pomwe a 5 GHz ndi aliwiro koma safuna khoma. Khoma la konkire lokhala ndi zitsulo mkati, kalilole wamkulu, firiji kaya thanki ya madzi, zonsezi zimafooketsa mafunde. Palinso china chimene anthu sachiganizira: kucheza n'kwa awiri. Rauta yamphamvu itha kufuula, foni n'kumva, timizere ta netiweki n'kudzaza pasikirini. Koma foniyo, ndi kabatire kake ndi kaeriyo kobisika mkati, imayankha ngati ikunong'ona, rauta osamva. N'chifukwa chake mumaona netiweki yodzaza koma uthenga ukukanika kupita.

Apa ambiri amagula kachipangizo kotchedwa repeater kapena extender, kongolumikiza kusoketi. Sindikanyoza, koma dziwani mmene kamagwirira ntchito. Kamamvetsera zimene rauta yanena kenako n'kubwereza, ndipo totsika mtengo tambiri timachita zonse ziwiri pa wailesi imodzi, mosinthanasinthana. Liwiro limatsika pafupifupi ndi theka. Choipiratu n'chakuti anthu amakaika m'chipinda momwe muli vutomo, momwe nakonso kakumva movutikira. Wotanthauzira amene sanamve bwino angakuuzeni chiyani?

Njira yabwino ndi kuika chipangizo chotchedwa access point. Imeneyi ndi wailesi yachiwiri ya Wi-Fi, koma iyo imalandira intaneti kudzera pa waya wa Ethernet wochokera ku rauta. Khoma lilibe nazo ntchito za m'waya. Wailesi yake yonse imatsalira mafoni ndi makompyuta a mbali imeneyo ya nyumba, ndipo foni sikhalanso ikukuwa kudutsa makoma atatu.

Ntchito yeniyeni ili pa wayayo, ndiye tiime pamenepa pang'ono. Gulani wa Cat5e kapena Cat6. Onse awiri amanyamula gigabiti imodzi pa sekondi mpaka mamita 100, mtunda umene nyumba zambiri siziwufika n'komwe. Mkati mwake muli timawaya 8 topotana tiwiritiwiri, ndipo gigabiti imafuna tonse. Kamodzi kakapanda kugwira bwino m'kapulagi ka kumapeto kwa waya kotchedwa RJ45, nthawi zina netiweki siifa koma imatsikira mwakachetechete ku mamegabiti 100, inu osadziwa. Ndaonapo anthu akusintha zipangizo zabwinobwino pomwe wolakwa anali pulagi yopanidwa mwachangu. Chenjeraninso ndi waya wolembedwa CCA: ndi aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa, amathyoka msanga ndipo sayenera kunyamula magetsi. Poyala, musamupinde ngati chigongono, musamufinye ndi misomali, ndiponso asayende mtunda wautali atagundizana ndi mawaya amagetsi.

Za magetsizo, ma access point ambiri oika kudenga amadyera pa waya wa netiweki womwewo. Njirayi imatchedwa PoE, ndipo muyezo wake woyamba wa 802.3af, wa mu 2003, umatulutsa mawati 15.4, pomwe wa 802.3at wa mu 2009 umafika 30. Ubwino wake ndi woti chipangizo mumachiika pamene mafunde akufunika, pamwamba ndi poyera, osati pamene pali soketi kuseri kwa kabati.

Ngati muli ndi rauta yakale yongogona m'katoni, musagule access point, poti rautayo itha kugwira ntchito yomweyo. Zambiri zatsopanoko zili ndi posankha polembedwa Access Point Mode, ndipo mukasankha pamenepo mwamaliza. Ikakhala kuti ilibe, ilumikizeni kaye yokha ku kompyuta, mulowe m'masetingi ake. Ipatseni adiresi (nambala yoizindikirira pa netiweki) ya m'banja limodzi ndi rauta yaikulu koma yosafanana nayo: yaikulu ikakhala 192.168.1.1, iyi ikhale 192.168.1.2, bola adiresiyo isakhale m'gulu la amene yaikuluyo imagawira mafoni. Kenako zimitsani DHCP. Apa ndi pamene ambiri amagwera. DHCP ndi wogawa maadiresi, ndipo m'nyumba imodzi muyenera kukhala wogawa mmodzi. Akakhala awiri, foni imalandira kwa amene wayamba kuyankha, ndiye lero intaneti ilipo, mawa yasowa, popanda chifukwa chooneka. Pomaliza lowetsani waya wochokera ku rauta yaikulu m'bowo lolembedwa LAN, osati la WAN. Mukalowetsa ku WAN intaneti ibwera ndithu, koma mwapanga netiweki ina mkati mwa inzake, ndipo tsiku lina mudzadabwa kompyuta ikulephera kupeza printa imene ili chipinda chinacho.

Dzina la Wi-Fi, pasiwedi ndi mtundu wa chitetezo, kaya WPA2 kaya WPA3, zikhale zofanana ndendende pa zipangizo ziwirizo, kuti foni izisamuka yokha mukamayendayenda. Koma matchanelo, omwe ali ngati masiteshoni a pawailesi, asiyane. Pa 2.4 GHz amene sapondana ndi 1, 6 ndi 11, ndiye ina ikakhala pa 1, inayo ipite pa 6 kapena 11. Dziwaninso kuti wosankha nthawi yosamuka ndi foni, osati rauta. Mafoni ena ndi okakamira, amagwiritsabe yakutali ngakhale mwaima pansi pa yapafupi. Mankhwala ake amadabwitsa anthu: chepetsani mphamvu youlutsira pa zonse ziwiri, makamaka pa 2.4 GHz, kuti foni itaye yakutaliyo msanga.

Mukafuna kukokera netiweki kunyumba ina yapadera pabwalo lomwelo, nkhani imasintha. Waya wakopa woyenda panja amatha kubweretsa mphamvu ya mphezi n'kuotcha zipangizo mbali zonse ziwiri, ngakhale mpheziyo itagwa chapatali. Pamenepo ine ndimasankha faiba, poti ndi galasi ndipo sanyamula magetsi. Ngati n'zosatheka, waya akhale wopangidwira panja, ayende m'paipi, ndipo kumapeto onse awiri kukhale zotetezera zolumikizidwa bwino ku nthaka.