Chiwala sichipuma ndi mapapo

Anthu ambiri amaganiza kuti cholengedwa chilichonse chopuma chili ndi mapapo, ndipo kuti ziwala, nyerere ndi ntchentche zili ndi timapapo tolingana ndi msinkhu wake. Maganizo amenewa ndi olakwika.

Mukachiyang'anitsitsa chiwala, mudzaona timabowo ting'onoting'ono tondandalikana m'mbali mwa thupi lake, ndipo mimba yake imafufuma ndi kuphwa pokankha mpweya. Mpweyawo umalowera pa timabowoti n'kudutsa m'timachubu timene timagawikanagawikana mpaka kukafika pa minofu yeniyeniyo, moti magazi a chiwala sagwira ntchito yonyamula okosijeni monga momwe amachitira magazi a munthu.

Njira imeneyi imayenda bwino pamene thupi lili laling'ono, chifukwa kumapeto kwa timachubuto okosijeni amangofalikira yekha pang'onopang'ono, ndipo mtunda ukatalika safika msanga kumene akufunika. N'chifukwa chake nyama zambiri zikuluzikulu zimadalira mapapo okhala ndi timatumba ta mpweya mamiliyoni ambirimbiri, pamodzi ndi mtima wopopa magazi kuti okosijeniyo afike paliponse.

Zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo, okosijeni mumlengalenga ankafika pa magawo 30 pa 100 alionse kapena kuposerapo, pomwe lero ali pa magawo 21. Nthawi imeneyo kunali Meganeura, kachilombo kofanana ndi tombolombo, komwe mapiko ake akatambasuka ankakwana masentimita pafupifupi 70, ndipo zotsalira zake zinapezeka ku Commentry, m'dziko la France, mu 1880. Asayansi ambiri amati kuchuluka kwa okosijeniko kunathandiza kuti kakule chotero, ngakhale kuti kusowa kwa mbalame zokadya kuyenera kuti kunathandizanso.