Musanagule tikiti ya kutchuthi pa nthawi ya mliri, ganizani za pobwera

Pa ntchito yanga yokonzera anthu maulendo a pandege kuno ku Lusaka, pali funso limene limabwera nthawi zonse mliri ukabuka. Munthu amakhala pampando, n'kundionetsa chithunzi cha nyanja pafoni, n'kufunsa kuti, "Amayi, kodi kumeneku n'kotsegula?" Amakhala akunena za Dubai, Zanzibar, Mauritius kapena Cape Town. Ndikavomera, dzanja limathamangira kuthumba. Ine ndimayamba ndamuimitsa, chifukwa pa nthawi ya COVID-19 anthu ambiri amene ndinawathandiza sanavutike popita. Misozi inagwa pobwerera. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti COVID-19 salinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, koma mu Ogasiti 2024 linalengezanso ngozi ya mtundu womwewo chifukwa cha matenda a mpox. Choncho zimene tinaphunzira nthawi ija tidzazifunabe.

Kumbukirani liwiro lake. Pa 11 Malichi 2020 WHO inati matendawa ndi mliri wa dziko lonse. Pa 18 Malichi boma lathu linalengeza odwala awiri oyamba, mwamuna ndi mkazi wake amene anali atangobwera kutchuthi ku France. Sindikuwatchula powadzudzula, pakuti pamene ankanyamuka panalibe wowaletsa. Patangotha sabata imodzi, Pulezidenti Edgar Lungu analamula kuti ndege zonse zochokera kunja zizitera pa Kenneth Kaunda International Airport pokha, ndipo mabwalo a Livingstone, Ndola ndi Mfuwe analeka kulandira ndege zakunja. Pa 27 Malichi South Africa inatseka dziko, ndipo maulendo wamba a pandege olowa ndi otuluka anadzayambanso pa 1 Okutobala. Munthu amene anapita ku Cape Town ndi zovala za masiku khumi anatsala akudikira ndege zapadera zobwezera anthu kwawo, zimene zinali zochepa komanso zodula.

Wina anganene kuti poyamba aliyense anadzidzimuka. Koma taonani za mu Novembala 2021, anthu atazolowera kale masiki ndi katemera. Pa 24 Novembala South Africa inadziwitsa WHO za mtundu watsopano wa kachilombo ka COVID-19, umene pa 26 unapatsidwa dzina la Omicron. Pofika pa 28 Novembala, Britain inali itaika Zambia, Malawi, Mozambique ndi Angola pa mndandanda wa mayiko oletsedwa. Mlendo wochokera kuno sakanalowa n'komwe. Abale athu okhala ku Britain, amene anabwera kudzaona makolo ku Chelstone kapena ku Chipata, ankaloledwa kubwerera, koma ankayenera kubindikira mu hotela masiku 10 n'kulipira okha mapaundi 2,285 munthu wamkulu mmodzi, ndalama zokwana pafupifupi K50,000 pa nthawiyo. Lamuloli linachotsedwa pa 15 Disembala. Linakhala masabata osakwana atatu, koma amene linawapeza panjira analipira. Apa m'pamene pagona nkhani yonse: lamulo limene mwawerenga tsiku logula tikiti si limene lidzakhalepo tsiku lobwera.

Ife a ku Lusaka tilinso ndi vuto lathulathu. Maulendo athu ambiri akutali amadutsira pena: Addis Ababa, Nairobi, Johannesburg, Dubai kapena Doha. Ndiye kuti simumvera malamulo a dziko limodzi, koma a mayiko atatu, la kumene mukupita, la podutsira, ndi lanu lomwe pobwera. Mu Juni 2021, matenda atakula kwambiri kuno, United Arab Emirates inaleka kulandira apaulendo ochokera ku Zambia, ndipo chitseko chimene ambiri timatulukira chinatsekeka. N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti ulendo wonse ukhale pa tikiti imodzi. Mukagula Lusaka mpaka Nairobi kwina, Nairobi mpaka Mauritius kwinanso pofuna kupulumutsa ndalama, ndege yoyamba ikachedwa kapena kulephereka, kampani yachiwiri ilibe nanu mangawa. Imangolemba kuti simunabwere.

Pali kusiyana kumene anthu ambiri sakudziwa mpaka kutawagwera. Kampani ya ndege ikalepheretsa ulendo yokha, imakusamutsirani tsiku lina kapena kukubwezerani, ngakhale kuti nthawi ija makampani ambiri ankapereka kapepala koti mudzakwerere mtsogolo m'malo mwa ndalama. Koma ndege ikanyamuka inu n'kutsala chifukwa mapepala anu sakukwanira, vuto ndi lanu. Ndipo musakwiyire mtsikana wa pakauntala amene wakubwezani. Kampani ikanyamula munthu amene akakanidwe kolowera, imalipitsidwa chindapusa n'kumubweza ndi ndalama zake, choncho imasamala kwambiri kuposa amene amadinda mapasipoti.

Tsopano za kuyezetsa, zimene zinasokoneza ngakhale anthu ophunzira kwambiri. Mayiko ambiri ankafuna chikalata cha PCR, kuyeza kwa mu labu kosonyeza ngati munthu ali ndi kachilombo, chosapitirira maola 72. Anthu ankawerenga kuyambira pamene alandira zotsatira, pamene mayiko ambiri ankawerenga kuyambira pamene kathonje kalowa m'mphuno. Tiyerekeze kuti akuyezani Lolemba 9 koloko m'mawa. Maola 72 akutha Lachinayi 9 koloko m'mawa, ngakhale pepalalo mutalitenga Lachitatu. Funso lotsatira n'lakuti, maolawo akuwerengedwa mpaka pati? Dziko lina linkawerengera mpaka ndege yoyamba itanyamuka ku Lusaka, lina mpaka ndege yomaliza, lina mpaka mutatera kwawoko. Mukanyamuka Lachitatu masana, n'kugona ku Addis Ababa, ndege yam'mawa n'kuchedwa maola anayi, pepala limene linali labwino ku Lusaka limafera m'thumba muli panjira. Ine ndinkauza aliyense kuti ayezetse mochedwa mmene labu ingathere kutulutsa zotsatira, ndipo aonetsetse kuti dzina ndi nambala ya pasipoti zalembedwa ndendende monga zilili m'pasipotimo. Ndinaonapo bambo wina akubwezedwa chifukwa labu ina inasinthanitsa zilembo ziwiri m'dzina lake. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa ndikanaliwerenga pepalalo dzulo lake tikanakonza.

PCR imafufuza tizidutswa ta chibadwa cha kachilombo, osati kachilombo kamoyo kokha. Munthu amene anadwala n'kuchira angapezekebe nako mpaka masiku 90, ngakhale sakupatsiranso anzake. Choncho ngati munadwalapo posachedwa, yezetsani masabata angapo ulendo usanafike kuti mudziwe pamene muli, ndipo tengani kalata ya dokotala yosonyeza tsiku limene munadwala, pakuti mayiko ena ankailandira. Mbali inayo ndi yakuti kupezeka wopanda kachilombo Lolemba si chitsimikizo. COVID-19 inkatha kubisala m'thupi masiku 2 mpaka 14 isanaonekere. Munthu ankachoka kuno ali bwino, n'kukapezeka nayo pa kuyezetsa kobwerera, tsiku lachisanu ndi chimodzi la tchuthi.

Tsiku limenelo ndi limene ndimafuna kuti aliyense aliganizire ali pampando wa mu ofesi yanga. Muli m'dziko la eni, mwina simukumva kupweteka paliponse, koma ndege sikunyamulani. Hotela imene munalipira yatha mawa. Mufunika chipinda cha masiku ena khumi kapena khumi ndi anayi, chakudya chobweretsedwa pakhomo, kuyezetsa kachiwiri, ndi ndalama zosinthira tikiti, zonsezo m'madola, ndipo kwacha yathu mukuidziwa. Viza ingathe kutha muli m'chipindamo. Kuntchito masiku a tchuthi atha. Ngati munapita ndi ana, mmodzi akapezeka nako banja lonse limaima, kapena limagawika, bambo n'kubwera ndi ena mayi n'kutsala. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Ngati mulibe ndalama zokhalira masabata ena awiri kumeneko popanda kukhudza fizi ya ana ya mu Januwale, ulendowo simunaukwanitse, ngakhale tikiti mungaigule. Ndikanena chonchi ena amakhumudwa, koma ndi bwino mundikwiyire kuno kusiyana ndi kundiimbira foni usiku muli ku Zanzibar.

Inshuwalansi ya paulendo imathandiza, koma si iliyonse. NHIMA, inshuwalansi ya boma ya zaumoyo, imagwira ntchito m'zipatala za muno, kunja sikulipirirani. Opita ku mayiko a ku Ulaya a Schengen amadziwa kuti viza imafuna inshuwalansi ya mayuro 30,000, koma pepala lokwaniritsa viza si umboni woti mwatetezedwa ku mliri. Mapepala ambiri akale anali ndi mzere wonena kuti salipira pa matenda a mliri. Funsani mwachindunji, ndipo akuyankheni polemba: kodi ndikagonekedwa m'chipatala ndi matenda a mliriwu mulipira? Nanga hotela ya mbindikiro ngati sindikudwala kwenikweni? Nanga boma likatseka malire ine ndili bwinobwino? Funso lomalizali nthawi zambiri yankho lake limakhala ayi, ndipo ndi bwino kulimva musananyamuke.

Amene mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, a BP, a shuga kapena ma ARV, tengani owonjezera a masabata atatu, m'chikwama cha m'manja, pamodzi ndi kalata ya dokotala. Pamenepa pokha musanyengerere.

Posankha kopita, chenjerani ndi dziko limene lili phee. Mu 2020 Tanzania inaleka kufalitsa chiwerengero cha odwala itafika pa 509, ndipo mu Juni Pulezidenti John Magufuli analengeza kuti matendawa atha m'dzikomo. Zanzibar inakhala yotsegula pamene Mauritius inali yotseka, ndipo anthu ambiri anandifunsa za kumeneko poganiza kuti kulibe vuto. Mu Febuluwale 2021 wachiwiri woyamba kwa pulezidenti wa Zanzibar, Seif Sharif Hamad, anamwalira atapezeka ndi COVID-19. Kusowa kwa manambala sikutanthauza kusowa kwa matenda. Ine ndimafuna kudziwa ngati dzikolo limayeza anthu, ngati limanena poyera zimene lapeza, komanso ngati pafupi ndi hotela yanu pali chipatala chokhala ndi mpweya wa okosijeni. Chilumba chokongola chimakhala patali kwambiri mukayamba kubanika.

Za katemera tinaphunziranso kuti kubayitsa ndi kwina, kuvomerezedwa ndi kwina. Zambia inayamba kubaya mu Epulo 2021 ndi katemera wa AstraZeneca wopangidwa ku India, wotchedwa Covishield, amene anabwera kudzera mu COVAX, ndondomeko yogawira mayiko katemera. Pamene European Union inkayamba chiphaso chake cha katemera mu Julayi chaka chomwecho, Covishield sanali pa mndandanda wa bungwe lawo loona za mankhwala, ndipo dziko lililonse linkasankha lokha kumulandira kapena ayi. Zinali zopweteka, chifukwa katemerayo anali yemweyo, koma wapaulendo sangatsutsane ndi lamulo ali pamzere. Funsani ku ofesi ya kazembe wa dziko limene mukupita za dzina lenileni la katemera amene ali pakhadi lanu. Ndipo sungani khadi lachikasu lija la katemera wa yellow fever: limayamba kugwira ntchito patatha masiku 10 mutabayitsa, ndipo kuyambira mu 2016 ndi la moyo wonse.

Anthu amaopa kwambiri mpweya wa m'ndege, koma ndege zazikulu zimasefa ndi kusintha mpweya wake mphindi zochepa zilizonse. Pamene ine ndimaopa ndi pamzere wa pabwalo la ndege, m'basi yopita kundege, ndi m'chipinda chodyera cha hotela, pamene aliyense wavula masiki n'kumalankhula mokweza.

Kenako mumafika kunyumba. Makomo athu a ku Lusaka sakhala a anthu awiri. Muli agogo amene anabwera kuchokera ku Katete kudzaonana ndi dokotala kuchipatala chachikulu cha UTH, muli mlamu wodwala shuga, muli mtsikana wothandiza ntchito amene madzulo amakwera minibasi kupita kwa ana ake ku Kanyama. Iwowa sanapite kutchuthi, ndipo sanafunsidwe. Mayi wina amene ndinkamukonzera ulendo wa ku Dubai atamva zimenezi anakhala chete, kenako anati, "Ndiye amama ndiwapereke kaye kwa achemwali ku Matero mpaka nditayezetsa." Tinawonjezera masiku asanu pa tchuthi chake cha kuntchito, oti adzakhale yekha m'chipinda akabwera, ndipo titatha pamenepo m'pamene tinayamba kuyang'ana mitengo ya matikiti.