Mutu wa nkhani ungathe kudikira

Achinyamata ambiri olemba nkhani kuno ku Angónia amakhulupirira kuti sungayambe kulemba usanapeze mutu. Maganizowa tinawatenga kusukulu, kumene aphunzitsi ankalemba mutu wa chimangirizo pabolodi, ife n'kumatsatira. Komatu kumeneko ankatiyesa mayeso. Kunyuzipepala, kawirikawiri mtolankhani amapereka nkhani yake, mkonzi ndiye amaika mutu pomaliza, ataiwerenga yonse.

Tiyerekeze mukulemba za mayi wolima mbatatesi n'kumagulitsa pamsika wa Ulongwe. Mukayamba ndi "Moyo wa Mlimi", mutuwo ukukakamizani kulongosola zonse, kuyambira kusosa mpaka kukolola, nkhani n'kusukuluka. Ikani kaye mutu wongogwirizira, mulembe. Mwina mupeza kuti pagona nkhani ndi pa thumba limodzi lomwe linaola asanaligulitse, ndiye mutu utuluke pamenepo.