Chasisi chikang'aluka, kudutsitsapo rodi si kukonza

Mwezi sutha osafika munthu pa shopu panga atanyamula kathalakitala kotchetchera kapinga pa galimoto, chasisi (chimango chachitsulo chimene chimanyamula injini ndi matayala) chitang'aluka pomwepo pamene chinawotcheredwa kale. Ena amachokera ku malo ogona alendo, ena ku mishoni, ena ku sukulu zokhala ndi mabwalo aakulu. Koma mawu awo ndi amodzi: "Amisiri, tangodutsitsanipo rodi, mawa kukufunika kutchetcha." Mawu amenewa ndatopa nawo. Rodiyo inadutsapo kale kawiri, nanga n'chifukwa chiyani mwabweranso?

Chitsulo sichingong'aluka. Tengani waya, mupinde uku ndi uku pamalo amodzi, muona kuti amaduka osamukoka n'komwe. Chasisi cha kathalakitala chimatopa chimodzimodzi. Makina amenewa alibe masipuling'i ngati galimoto, ndiye chitsa chilichonse, dzenje lililonse, mphamvu yake imalunjika m'chitsulo. Ndipo chitsulocho pa makina ambiri n'chopyapyala, 3 mm kapena kucheperapo, chongopindidwa kuti chikhwime. Akale aja, monga John Deere 110 yomwe inayamba kupangidwa mu 1963, anali ndi chitsulo cholemererapo, komabe chitsulo chagwira ntchito zaka makumi ambiri chimatopa basi. Malo ong'aluka ndimawadziwa ndisanagwade n'komwe: pomwe pakhala ekiselo yakutsogolo (chitsulo chogwira matayala akutsogolo), pansi pa mabawuti a injini, ndi kumbuyo kokolekera ngolo. Kumbuyoko mumaphako ndinu eni ake. Makina opangidwira kutchetcha udzu mwawasandutsa okokera njerwa ndi mchenga wa kudambo. Musawafanizire ndi thalakitala yolimira ya Massey Ferguson 135, ameneyo msana wake ndi injini ndi giyabokosi yeniyeniyo.

Ndiye funso loyamba si lakuti tiwotcherera bwanji, koma chang'alula n'chiyani. Bawuti ikamasuka, injini imagwedezeka mpaka bowo lozungulira kukhala ngati dzira, mng'alu n'kuyambira pamenepo. Mukawotcherera osakonza bowolo mwangotaya marodi.

Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti mng'alu suthera pomwe maso akuonera. Umapitirira, wochepa ngati tsitsi, pansi pa penti. Ine ndimapala penti yonse, kupaka parafini, kudikira pang'ono, kupukuta mpaka paume, kenako kupaka choko. Pakapita kanthawi parafini wolowa mu mng'alu amabwerera n'kujambula kamzere konyowa pa choko choyeracho. Nthawi zambiri kamzereko kamapitirira zala ziwiri kapena zitatu kuposa pomwe mwini wake amaloza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pomwe kathera ndimaboolapo kabowo ka 4 mm kuti mng'alu usowe kothawira. Kenako gilayinda, kukumba kanjira kooneka ngati V motsatira mng'alu wonse kuti moto ulowe mpaka mkati, osangoyandama pamwamba ngati phala.

Musanayatse makina owotcherera, yezani chasisi mopingasa, kuchokera pa ngodya yakutsogolo kumanja kufika yakumbuyo kumanzere, ndi mbali inayo chimodzimodzi. Miyezo iwiriyo ikasiyana, chasisi chapotoka, ndipo mukachiwotcherera chili choncho lamba azidzavuka tsiku ndi tsiku, mipeni izidzameta kapinga mbali imodzi. Wongolani kaye, mumange ndi engo ayironi (chitsulo chopindidwa ngati L), ndiye muyambe. Rodi ya 2.5 mm ikwanira. Ya mtundu wa E6013 imagwira pa chitsulo chopyapyala, moto wa ma ampu a pakati pa 70 ndi 90. E7018 ndi yolimba koma isakhale yogonera pachinyezi. Wotchererani pang'onopang'ono, masentimita awiri kapena atatu, kusiya pazizire, kulumphira mbali ina.

Chigamba ndiye pomwe pamagwera ambiri. Amatenga chitsulo chokhuthala ngati cha pa mlatho, cha ngodya zinayi, n'kuchizunguliza moto mbali zonse, poganiza kuti kunenepa ndiko kulimba. Chotsatira chake pamalopo pamauma gwa, pomwe chasisi chonse chikupitiriza kupindika pang'onopang'ono monga mwa chikhalidwe chake, ndipo mng'alu watsopano umabadwira m'mphepete mwa chigambacho. Chigamba chabwino chimafanana makulidwe ndi chasisi, chimakhala chosongoka mbali ziwiri ngati tsamba la mango, ndipo moto wake umayenda motsatira utali wa chasisi, osati kudula mopingasa.

Pali nkhani imene imandisowetsabe mtendere. Kunabwera mnyamata wina wosamalira maluwa pa malo ena ogona alendo kunyanja, limodzi ndi abwana ake. Mng'alu wa kathalakitala kawo unali pafupi ndi ekiselo yakutsogolo. Nditapaka choko tonse atatu tinauona utakwera mpaka pamwamba pa chasisi. Ndinanena kuti pakufunika kutsitsa injini, ntchito ya masiku awiri. Abwanawo anati mtengo wakwera, n'kukatengera kwa wina wa m'mbali mwa msewu amene anamaliza pa ola limodzi. Patatha miyezi itatu kanabweranso, koma mnyamata uja panalibe. Chasisi chinathyoka akutchetcha potsetsereka, tayala lakutsogolo n'kupindikira mkati, makina n'kumugubuduzikira. Anathyoka mwendo. Nditagwada kuyang'ana ndinapeza mzere wa moto wonenepa ngati chala, wokongola ndithu, wopakidwa penti yakuda. Nditaugogoda ndi hamala unasenda wonse, pansi pake mng'alu uli chikhalire, ngakhale dzimbiri losapalidwa. Pambali anali atamatikapo chidutswa cha chitsulo chomangira nyumba. Tsiku loyamba lija ndinalankhula ndi wolipira ndalama yekha. Ndikanamuitanira pambali mnyamatayo, amene amakwera makinawo, n'kumuuza kuti asakwerepo mpaka akonzedwe bwino. Kuyambira pamenepo woyendetsa ndimamuuza maso ndi maso, abwana ake akwiye asakwiye.

Sindikunyoza anzanga owotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, ambiri ndi aluso. Koma geti silinyamula munthu pamtsetse. Mukaona mmisiri wamaliza kuwotcherera n'kuthirapo madzi kuti pazizire msanga, dziwani kuti chitsulocho wachiumitsa, chidzathyoka ngati mbale yadothi. Mukaona akuyatsa makina owotcherera thanki ya petulo ili pomwepo, thawani. Thanki yopanda kanthu ndiye yoopsa kwambiri chifukwa mwadzaza mpweya wa petulo. Ichotsedwe, iikidwe kutali. Batire lichotsedwenso. Waya wa efi, wobwezera magetsi ku makina owotcherera, amangidwe pafupi ndi powotcherera, apo ayi magetsi adutsa m'mabering'i n'kuwawononga.

Chinanso, si chitsulo chonse chimene chimalola rodi wamba. Ekiselo yakutsogolo pa makina ambiri akale ndi ya cast iron, chitsulo chochita kusungunula n'kuthira m'chikombole. Ikhudzeni ndi gilayinda: chitsulo wamba chimatulutsa nthethe zazitali zachikasu, cast iron zake n'zazifupi, zofiirira. Imeneyi imafuna rodi ya nickel, kuitenthetsa kaye yonse, ndipo mukatha kuikwirira mu mchenga wouma kapena phulusa kuti izizire usiku wonse. Ngakhale zitatero, ekiselo yothyoka ine sindiikhulupirira. Ndimauza mwini wake afunefune ina pa makina akufa.

Ndipo musachedwe. Mng'alu wa masentimita awiri ndi ntchito ya m'mawa umodzi; ukazungulira chasisi ndi ntchito yophwasula makina onse. Zizindikiro zimabwera msanga: kamzere ka dzimbiri pa penti, kulira kwa tsiii mukamakhota, kapinga wometeka mokwera mbali imodzi. Gwadani ndi tochi kamodzi pamwezi, makamaka nyengo ya dzinja pamene udzu wonyowa umamatirira pansi. Yang'ananinso pansi pa batire, poti asidi akadontha amadya chitsulo mwakachetechete. Pamenepo gogodani ndi hamala yaing'ono. Chitsulo chamoyo chimalira ngwee. Chikalira phwa, kapena hamala ikabowola, palibenso chogwirapo moto. Gawo lonselo liyenera kudulidwa mpaka pomwe chitsulo chili choyera n'kuikapo latsopano, ndipo ngati kuwolako kwafika pa ekiselo ndi pa giyabokosi pomwe, ine ndimakana ntchitoyo, ndimauza mwini wake asunge injini ndi matayala, chasisicho agulitse kwa ogula zitsulo zakutha.